Kutchuna njinga yamoto: nzeru za ku Kyalami pa misewu ya ku Nsaru

Tsiku la msika pa Nsaru, pa Namitete kapena pa Mpingu, njinga yamoto umayamba kuimva usanaione. Ina ikubangula chifukwa mwini wake adaboola sailensa. Ina ikubuula pansi pa matumba atatu a soya. Ina yanyamula banja lonse, mwana atamukhazika pa thanki. Pafupi ndi siteji ya akabaza sipalephera kukhala chisakasa cha makaniko, pansi pali bii ndi oyilo, masipanala ali mbwee pa chiguduli. M'zisakasa zimenezi ndi mmene ma Lifo, ma SanLG, ma Kinglion ndi ma Boxer amasinthidwira kuti agwirizane ndi moyo wa kuno. Kaliyala amaiwotcherera zitsulo kuti italike, mashoko amawawonjezera, sipuloketi amaisintha, kabuleta amaipotokola.

Ntchito yosintha njinga kuti ichite zoposa zimene idachoka nazo ku fakitale si ya kuno kokha. Ndi luso limene anthu ena amadyera pa mabwalo a mpikisano monga Kyalami ku Johannesburg, Killarney ku Cape Town ndi Zwartkops kufupi ndi Pretoria. Njinga za kumeneko n'zodula kwambiri, koma kusiyana kwenikweni kuli pa ndondomeko. Katswiri wokonzera njinga ya mpikisano amayamba ndi matayala, mabuleki ndi mashoko, injini n'kuigwira pomalizira. Ife kuno timathamangira injini ndi phokoso, mabuleki n'kudzawakumbukira tsiku limene ng'ombe yatulukira mumsewu.

Liwiro si lachilendo kuno kummwera

Mipikisano ya njinga zamoto ili ndi mbiri yaitali m'chigawo chino cha Africa. M'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Gary Hocking, amene adakulira ku Bulawayo, adatenga ukatswiri wa dziko lonse lapansi mu 1961 pa njinga za 350cc ndi 500cc za MV Agusta. Jim Redman, wa ku Rhodesia komweko, adautenga kasanu n'kamodzi pa Honda pakati pa 1962 ndi 1965. Kork Ballington, wobadwira ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, adapambana pa 250cc ndi 350cc mu 1978 ndi 1979 pa Kawasaki. Bwalo la Phakisa ku Welkom lidalandira mpikisano waukulu wa dziko lonse lapansi kuyambira 1999 mpaka 2004, ndipo m'chaka chomalizacho Valentino Rossi adapambana kumeneko pa mpikisano wake woyamba atachoka ku Honda kupita ku Yamaha.

M'badwo uno dzina lomveka ndi la Brad Binder wa ku South Africa. Adatenga ukatswiri wa Moto3, gulu la njinga zocheperako, mu 2016, ndipo mu 2020 ku Brno adapatsa kampani ya KTM chipambano chake choyamba mu MotoGP, gulu lapamwamba kwambiri la mipikisano ya njinga zamoto. Mu 2023 ku Mugello, m'dziko la Italy, njinga yake idafika liwiro la makilomita 366.1 pa ola. Njinga yotere ili ndi injini ya 1000cc, mphamvu zoposa akavalo 250, ndipo malamulo salola kuti ipepuke kuposa makilogalamu 157. Ya kabaza ili ndi injini ya pakati pa 100cc ndi 150cc, ndipo mphamvu zake zimangozungulira akavalo 10.

Ngakhale zili choncho, malamulo a chilengedwe amene amagwira njinga ya Binder ndi omwewo amene amagwira ya mnyamata wochoka ku Kabudula ndi mayi wodwala kumbuyo. Zonse ziwiri zimaima pa matayala awiri, zimakhota popendekeka, ndipo zimagwa tayala likataya nthaka. N'chifukwa chake ndondomeko ya ku bwalo la mpikisano ili ndi phunziro kwa ife.

Poyambira ndi pa tayala

Gawo la tayala limene limakhudza pansi silikula kuposa chikhatho cha munthu. Mphamvu ya injini, kugwira kwa mabuleki ndi kukhota konse zimadutsa pamenepo. Pa bwalo la mpikisano matayala amawafunditsa zofunda zamagetsi mpaka atenthe pafupifupi madigiri 80 asanalowe m'bwalo, chifukwa labala wozizira sagwira phula. Mpweya amaupima ndi geji wokwera asananyamuke ndiponso akangotsika, ndipo kusintha kochepa kwambiri amakulemba m'buku.

Kuno mpweya timaupima ndi chala kapena kumenya tayala ndi sipanala. Wonyamula katundu amapopa mpaka tayala liume gwa kuti lisaphwe, ndiye gawo logunda pansi limachepa, njinga n'kumadumphadumpha pa mabampu. Wina amayenda ndi mpweya wochepa, tayala n'kumatentha, chubu n'kutsinidwa ndi limu akagunda dzenje. Geji yopimira mpweya ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi tayala, ndipo siteji imodzi itha kusonkherana n'kugula imodzi. Mlingo woyenera umalembedwa m'buku la njinga kapena pa kapepala komata pa njingapo, wa munthu mmodzi ndi wa anthu awiri, ndipo umapimidwa tayala lisanatenthe.

Mtundu wa tayala nawo uli ndi nyengo yake. Ochita mpikisano amakhala ndi matayala osalala a tsiku louma ndi ena a mizere a tsiku la mvula. Kwathu, katondo wa m'misewu ya kumidzi amakhala fumbi mu Okutobala, koma mvula ikagwa mu Januwale amaterera koopsa, makamaka potsikira ku madambo. Tayala lakutha limene limayenda bwinobwino pa phula la M12 pakati pa Mpingu ndi Namitete silingakwere chitunda cha matope ku Nambuma. Wakabaza woganiza amasunga ndalama ya nyengo ya zokolola, pamene makasitomala ali ambiri, kuti alowe dzinja ndi tayala la mano.

Buleki imene timaiopa

Munthu akamanga mabuleki, kulemera kwa njinga ndi okwera kumathamangira kutsogolo. Tayala lakutsogolo limakanikizika pansi n'kugwira kwambiri, lakumbuyo limapepuka. Pa phula louma, gawo lalikulu la ntchito yoimitsa njinga, pafupifupi magawo 7 mwa 10, limagwiridwa ndi buleki yakutsogolo. Ochita mpikisano amadziwa zimenezi, ndipo ndalama zawo zoyamba zimapita ku mapadi abwino, mapaipi a buleki okutidwa ndi waya amene safufuma akatentha, ndi mafuta a buleki atsopano.

M'masiteji mwathu buleki yakutsogolo ili ndi mbiri yoipa. Amati imagwetsa. Ambiri adaphunzira njinga pa bwalo la mpira kwa masiku ochepa, adaigwira mwadzidzidzi pa mchenga, adagwa, ndipo kuchokera tsikulo sadaikhudzenso. Pali njinga zimene chingwe cha buleki imeneyi chidaduka kalekale ndipo palibe amene akuchifuna. Chimene chimagwetsa ndi kuikoka mwamphamvu kamodzin'kamodzi, makamaka njinga itapendekeka kapena pa miyala. Imafuna kufinyidwa pang'onopang'ono, kulemera kuyambe kwafika kutsogolo, kenako n'kuwonjezera mphamvu, uku phazi likuthandiza kumbuyo. Pa dothi loterera dzanja limapepuka koposa. Luso limeneli limaphunziridwa pa malo opanda anthu, mobwerezabwereza, mpaka dzanja lizolowere.

Masamu ake ndi osavuta. Pa makilomita 40 pa ola njinga imayenda mamita 11 pa sekondi iliyonse. Pa 80 imayenda mamita 22 woyendetsa asanaganize n'komwe zogwira buleki. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Aliyense wowonjezera liwiro la njinga osakhudza mabuleki wakonza theka la ntchito, ndipo theka limene walisiyalo ndi limene limapulumutsa moyo. Kwa amene njinga zawo zili ndi buleki ya disiki, mafuta ake a DOT 3 kapena DOT 4 amayamwa chinyezi, ndipo akakalamba amawira msanga buleki n'kufewa potsetsereka. Amafunika kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse.

Mashoko ndi katundu

Pa bwalo la mpikisano pali muyeso umene makaniko aliyense amayambira. Amapima kutalika kwa njinga tayala lili m'mwamba, kenako wokwera amakhalapo atavala zonse, n'kupimanso. Njinga ya mpikisano imayenera kutsika mamilimita pafupifupi 30. Ikatsika kwambiri, shoko ilibenso malo omezera bampu. Ikapanda kutsika, tayala silitsatira nthaka likafika pa dzenje. Ntchito yaikulu ya shoko ndi kusunga tayala pansi, kufewa kwa mpando kumangobwera pambuyo.

Kuno vuto lake ndi katundu. Matumba atatu a chimanga ndi makilogalamu 150, woyendetsa asanakwere. Belo la fodya limayandikira makilogalamu 100. Amakaniko athu adapeza njira zawo: kuika mashoko anayi m'malo mwa awiri, kulowetsa masipuling'i olimba, kutalikitsa kaliyala. Nzeru ilipo, chifukwa njinga idapangidwira anthu awiri pamene kuno ikugwira ntchito ya ngolo. Koma katundu akakhala kumbuyo kwa ekiselo ya tayala lakumbuyo, amanyamula tayala lakutsogolo. Mahandulo amapepuka, njinga imayamba kugwedeza mutu, ndipo pokhota imakana kumvera. Kulimbitsa kumbuyo kokha osayang'ana mafoloko akutsogolo, amene nthawi zambiri oyilo wake adatha kudontha kale, kumapendeketsa njinga yonse. Komanso felemu, masipoko ndi mabering'i zimakhala zomwe zija za ku fakitale, ndipo felemu yowotcherera mosasamala imathyokera pafupi ndi powotcherapo.

Mashoko ambiri a njinga zimenezi ali ndi kakolala ka masitepe pansi pa sipuling'i. Kukazunguliza kumasintha kulimba kwake malinga ndi katundu, ndipo mbali zonse ziwiri ziyenera kukhala pa sitepe imodzi. Katundu wolemera akhale pafupi ndi msana wa woyendetsa, wotsika, womangidwa mofanana uku ndi uku. Ndipo pali mlingo umene palibe makaniko angaupitirire. Katundu wa ngolo apite pa ngolo.

Mano a sipuloketi

Apa ndi pamene makaniko wa pa Namitete ndi wa ku Kyalami amalankhula chinthu chimodzi. Tiyerekeze kuti sipuloketi yakutsogolo ili ndi mano 14, yakumbuyo 42. Yakutsogolo izungulira katatu kuti tayala lizungulire kamodzi. Mukaika ya mano 15 kutsogolo, izungulira ka 2.8. Injini ipuma pa msewu wautali, petulo apita pang'ono, koma njinga ifooka ponyamuka ndi pokwera. Mukasiya 14 kutsogolo n'kuika 45 kumbuyo, izungulira ka 3.2. Njinga ikoka ngati ng'ombe ya pa goli, koma pa phula injini ilira kwambiri liwiro lisanafike patali.

Sipuloketi siwonjezera mphamvu. Imangosankha pamene mphamvu yomwe ilipoyo igwire ntchito. Ochita mpikisano amasintha mano pa bwalo lililonse: bwalo la njira yaitali yowongoka ngati Mugello limafuna ena, la makona ambiri limafuna ena. Wakabaza naye ayenera kufunsa kuti msewu wake ndi uti. Woyenda pa phula kupita ku Msundwe ndi m'tauni ndi wosiyana ndi wotuta mtedza m'midzi ya kwa Kabudula. Cholakwika chofala n'kuika mano a liwiro pa njinga ya katundu. Woyendetsa amakakamiza kilatchi ponyamuka paliponse, mapuleti ake n'kupsa mwezi usanathe.

Tcheni nalo limafuna ulemu. Likhale ndi kulendewera kwa mamilimita 20 mpaka 30, chifukwa shoko ikatsika tcheni limakungika. Lomangitsa limadya mabering'i, lolekerera limavuka n'kumanga tayala njinga ili pa liwiro. Tcheni latsopano pa masipuloketi akutha silikhalitsa, choncho zitatuzi zimasinthidwa pamodzi.

Mpweya wa ku Lilongwe ndi petulo wa ku Malawi

Injini ya petulo imafuna pafupifupi magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, poyeza kulemera. Chigwa cha Lilongwe chili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Njinga imene idatchunidwa m'mbali mwa nyanja yamchere imafika kuno itataya mphamvu yofanana ndi imeneyo, ndipo mafuta amachuluka poyerekeza ndi mpweya. Amakaniko a ku Kyalami, kumene n'kokwera kuposa kuno, amalimbana ndi vuto lomweli. Iwo amasintha ndi kompyuta, ife timasintha ndi majeti ndi singano ya m'kabuleta.

Petulo wathu alinso ndi khalidwe lake. Kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa idayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, dziko lino lakhala likusakaniza ethanol mu petulo, ndipo pambuyo pake PressCane ya ku Chikwawa idalowanso m'ntchitoyi. Ethanol amakoka chinyezi ndipo amafuna kuti mafuta olowa mu injini achulukeko pang'ono. Onjezerani apo petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo amene midzi yambiri imadalira, amene nthawi zina amabwera ndi fumbi kapena madzi. Kasefa kakang'ono ka pa paipi ya petulo ndi kutsuka kabuleta kawirikawiri zimapulumutsa injini zambiri.

Mafuta akakwera mtengo kapena akasowa, chiyeso chimakhala kufinya kabuleta kuti njinga izimwa pang'ono. Ikafinyidwa mopitirira, injini imatentha, imatsokomola potsegula moto, ndipo mavavu ndi pisitoni zimapsa. Zimene wapulumutsa pa petulo amakazisiya kwa wogulitsa masipeya. Pulagi ndiye mboni. Nsonga yake ikakhala yofiirira, zinthu zili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye, mafuta achuluka. Ikayera mbuu, mafuta achepa ndipo injini ili pangozi.

Za kuboola sailensa ndi kuchotsa sefa ya mpweya, zoona zake n'zakuti pa injini ya 125cc phindu lake ndi phokoso basi. Pa njinga ya mpikisano paipi ya utsi imapimidwa utali ndi kukula kwake, mafuta n'kutchunidwa kuti agwirizane nayo, ndipo zotsatira zake zimayesedwa pa makina. Kungoboola kumasokoneza kayendedwe ka utsi ndipo kawirikawiri kumachepetsa mphamvu yonyamukira. Kuchotsa sefa pa msewu wa fumbi n'kuipatsa injini mchenga kuti idye: maring'i amatha, utsi wabuluu umayamba, oyilo n'kumachepa tsiku ndi tsiku.

Injini zambiri za njinga zochokera ku China zidatengera Honda CG125, imene idatuluka mu 1975. Akatswiri a Honda adaipanga atayendera maiko osauka n'kuona kuti anthu amanyamula katundu wambiri ndipo sasintha oyilo pa nthawi yake. Kulimba kwa injini zimenezi kudachokera pa kuyang'ana msewu ndi anthu ake. Komabe oyilo wake ndi pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo yemweyo amasambitsa injini, magiya ndi kilatchi. Oyilo wina wa galimoto amatereretsa kilatchi, choncho woyenera ndi wolembedwa JASO MA pa botolo. Injinizi zimazizira ndi mphepo, ndiye matope ouma pa zipsepse zake ayenera kuchotsedwa.

Chimene bwalo lili nacho, msewu ulibe

Bwalo la Kyalami ndi lotalika makilomita 4.5. Onse amayenda mbali imodzi. Mulibe ngolo, mbuzi, mwana wa sukulu kapena lole yochokera ku Mchinji. Kunja kwa kona kuli malo a miyala ing'onoing'ono oti wogwa atsetserekerepo, anthu a mbendera amachenjeza za ngozi, ndipo ambulansi imakhala ikudikira. Njinga isanalowe imayenderedwa: magalasi amachotsedwa, nyali zimamatidwa, bawuti yotsekera oyilo imamangidwa ndi waya kuti isamasuke. Wokwera amavala chikopa thupi lonse, magolovesi, nsapato zazitali ndi chipewa chotseka nkhope. Mu MotoGP, kuyambira 2018, chovalacho chimayenera kukhala ndi thumba la mpweya lofufuma munthu akamagwa. Anthu othamanga kwambiri padziko lapansi ndi amenenso amadziteteza kwambiri.

Wogwa pa msewu wa kumudzi alibe zonsezi. Amanyamulidwa ndi amene ali pafupi kupita ku chipatala cha Kabudula, kapena ku St Gabriel's ku Namitete, chimene masisitere a chipani cha Karimeli ochokera ku Luxembourg adatsegula mu 1959. Wothyoka kwambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central, kumene madokotala a mafupa akhala akudandaula za kuchuluka kwa ovulala pa ngozi za kabaza. Mwendo wothyoka ndi miyezi yosagwira ntchito, ngongole ya njinga ikudikira, munda osalimidwa. Kafukufuku amene bungwe la WHO lakhala likutchula amasonyeza kuti chipewa chovalidwa bwino chimachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 peresenti, ndi cha kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti. Chipewa chosamanga lamba, kapena chopachika pa handulo podikira apolisi, sichili m'chiwerengero chimenechi. Ndipo mutu wa kasitomala ndi wofewa chimodzimodzi ndi wa woyendetsa.

Zimene zingatheke

Kabaza wasintha moyo wa kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe. Mayi woyembekezera amafika ku chipatala usiku, mlimi amapeza msika, achinyamata ambiri apeza pogwira. Ntchito yofunika chotere iyenera kukhala ndi luso lofanana nayo. Lamulo limafuna laisensi, kulembetsa njinga, inshuwalansi ndi chipewa, ndipo akabaza ambiri amati ndalama zake n'zokwera, maofesi ali kutali. Nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS ikamafika pa Nsaru ndi pa Namitete ndi maphunziro, osati zilango zokha, anyamata ambiri angalowe m'ndondomeko. Sukulu za ntchito zamanja, kuphatikizapo ya Namitete Technical College, pamodzi ndi bungwe la TEVETA, zingathe kukonza maphunziro afupiafupi a amakaniko a m'zisakasa, amene manja awo ndi aluso kale koma sadapatsidwepo miyeso.

Masiteji nawo ali ndi mphamvu. Ali ndi matcheyamani, amasonkhetsa ndalama, amadziwana. Angathe kuchita zimene oyendera njinga amachita pa bwalo la mpikisano: m'mawa uliwonse kuona mabuleki onse awiri, mpweya, tcheni ndi nyali, ndipo njinga yolephera isanyamule munthu tsikulo.

Chilakolako cha liwiro mwa achinyamata sichidzatha ndi kukalipira. Maiko amene adatulutsa Redman, Ballington ndi Binder adachipatsa malo ake otchingidwa, okhala ndi malamulo ndi achipatala pafupi. Malo otere safuna phula. Bwalo ladothi lopatulidwa ndi chilolezo cha mafumu ndi khonsolo, loyang'aniridwa ndi apolisi ndi azaumoyo, lingakhale pophunzirira kumanga mabuleki, kukhota ndi kupikisana mwadongosolo. Mnyamata amene waphunzira pamenepo kuti njinga yake imaima pa mamita angati adzayendetsa mosiyana akanyamula mayi ndi mwana kupita ku sikelo, ndipo akadzapita kwa makaniko adzayamba wafunsa za mabuleki asanafunse za sailensa.